Tsiku Limene Ndinayeza Apongozi ndi Bango

Amayi anzanga, inu amene mwakhala mukufunsa kuti dzina loti Nabango ndinalitola kuti, khalani pansi ndikuuzeni ndekha, chifukwa zimene akukuuzani ku thandala la nsomba kuja akuthiramo mchere wambiri. Ine sindinafune kupha munthu ayi. Ndinkangofuna malaya.

Amuna anga, a Amidu, bambo a Shakira, ndi msodzi, ndipo thupi lawo ndi la munthu amene wakula akukoka ukonde wa chilimira: mapewa ngati chitseko, m'chiuno ngati mavu. Malaya a pakaunjika sawakwana. Akakwana m'mapewa, pamimba pamatsala malo oti mungabisepo nkhuku, ndiye akakwana pamimba, mabatani a pachifuwa amakhala ngati akupempha chikhululuko. Chaka chatha pa ukwati wina ku Chinguluwe, nthawi ya perekaniperekani, anakweza mkono kuti afupe, malaya aja n'kuti pwee! kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno. Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba, ndipo wa pachimkuzamawu uja, m'malo mowamvera chisoni, anati, "Achimwenewa afupa ndi khwapa lomwe!" Kuyambira tsiku limenelo, munthu amene saopa mwera panyanja anayamba kuopa kuimirira pagulu.

Ndiye chaka chino mlamu wanga Mariamu, mlongo wa amuna anga mmodzi yekhayo, anapeza banja ku Chitala. Akuluakulu anati a Amidu akhale nkhoswe, aimirire pamaso pa akuchimuna, ayankhule. Iwo anangoti "ndamva", koma tsiku lopita kukapha nsomba ku chilumba cha Mbenji anandiuza akumanga chikwama kuti, "Ukwati umenewu undipeza pachilumba. Ndidzati kunali mwera." Mariamu atamva analira kukhitchini kwanga mpaka maso kutupa. Ine mumtima ndinati ayi, ukwati wa mwana wa eni suonongeka chifukwa cha khwapa. Ndiwasoketsera malaya oyera, a manja aatali, oti akakweza mikono yonse iwiri pasamveke ngakhale ulusi umodzi ukudandaula.

Mnzanga Esinati, uja amagulitsa mandasi padepoti, anandipatsa nambala ya telala wina wa ku Lilongwe, a Kamanga, amene anasokera amuna ake suti osawaona ndi maso. Umangotumiza miyezo pafoni, katundu n'kubwera pa minibasi. Ndinawatumizira uthenga wamawu, popeza zolembalemba ine zimandichedwetsa, ndipo anayankha nthawi yomweyo, kumbuyo kukumveka makina, mawu awo odekha ngati a munthu amene sanathamangirepo kalikonse.

"Mayi, malaya abwino amayambira pa tepi, sayambira pa sizasi. Ndikufuna khosi, mapewa, chifuwa, m'chiuno, mkono kuchokera paphewa kufika pamfundo ya dzanja, ndi utali wa kumsana. Poyeza khosi mulowetse chala chimodzi pansi pa tepi, munthu azipuma. Mwini malayawo ali pafupi?"

"Alipo," ndinatero ine.

Bodza loyamba limenelo. Ndinkaopa kuti akanena kuti tidikire a Amidu abwere kuchokera kuchilumba, ndiye kuti zatha, chifukwa munthuyo sankafuna n'komwe kubwera. Nanga ndikanawatsatira? Mukudziwa nonse kuti ku Mbenji mkazi sapondako, ngakhale ulire bwanji boti silikunyamula. Kutumiza tepi kudzera kwa anzawo? Kuti msasa wonse udziwe kuti Amidu akuyezedwa khosi, ayambirenso nyimbo ya khwapa ija? Ayi ndithu. Kuyeza malaya awo akale nakonso kunali kungokopera vuto lomwelo.

Ndinabwereka tepi kwa Esinati n'kukhala pakhonde kuganiza. Ndinati, kodi mwamuna wanga ndingalephere kumudziwa ine? Ndikawakumbatira, zala zanga zapakati zimangokhudzana pang'ono kumsana kwawo. Basi, muyezo ndi umenewo! Chatsala n'kupeza chinthu chimene ndikachikumbatira zala zikhudzane chimodzimodzi. Ndinayamba ndi mtengo wa papaya, unachepa. Thumba la chimanga linali lofewa, limangobonyoka. Shakira, mwana wanga wa zaka ziwiri, ankanditsatira pambuyo naye akukumbatira chilichonse chimene ndasiya. Kenako ndinafika pa mgolo wa madzi, wabuluu uja, ndipo nditaukumbatira zala zinakhudzana ndendende, mpaka mtima unagunda ngati bambo a Shakira abwera. Ndinauyeza pamwamba, ndinauyeza pakati, zina zotsalazo ndinangoganizira, n'kutumiza.

Sipanapite nthawi, foni inalira.

"Mayi," anatero a Kamanga, "mundikhululukire funsoli. Amuna anuwo ali ndi chivindikiro?"

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Chifuwa ndi m'chiuno nambala imodzi, khosi la mwana wasukulu, mkono umodzi wofika m'bondo. Ine ndakalambira pa makina, koma munthu wotere sanalowepo muno. Uwu ndi mgolo. Mundiyezere munthu, mayi, nsalu ndi yanu, sindikufuna kuiononga."

Mwamva? Munthu ali ku Lilongwe, sanaone nkhope yanga, sanaone pakhomo panga, koma mgolo wanga anauona. Ndinachita manyazi, komanso ndinayamba kuwapatsa ulemu bambo amenewa.

Apa munthu wanzeru akanaulula. Ine ayi. Ndinati ngati akufuna munthu, ndiwapezera munthu: ndifufuze mwamuna wa thupi lofanana ndi la a Amidu. Masiku atatu ndinkapita kudoko m'mawa, mwana kumsana, ngati ndikukagula utaka, koma maso anga ali pa mapewa a amuna a eni. Uyu wafupika. Uyu ali ndi mimba. Uyu mapewa alipo koma khosi ngati la nsekwe. Ndinkayesa kuti palibe akundiona, osadziwa kuti amayi a pathandala ayamba kale kukodolana. Tsiku lachitatu Che Bwanali, ogula nsomba aja, anandiyandikira atapesa tsitsi, akununkhira mafuta.

"Mlamu, ndaona kuti diso lanu lakhala pa ine kuyambira Lolemba. Ngati pali mawu, nenani, ine sindiulula."

"Ayi, musavutike," ndinatero ine ndi mtima woyera, "ndakuyang'anani bwinobwino, simukukwana. Mapewa anu ndi ochepa."

Bambo aja mpaka lero sandipatsa moni.

Pobwerera kunyumba, nditataya mtima, ndinaona munthu atakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, atandifulatira, akusoka ukonde. Ndinaima. Mapewa omwe aja! Msana womwe uja, ngakhale mmene mkono umakwerera pokoka ulusi! Ndinatsala pang'ono kufuula kuti bambo a Shakira mwabwera liti. Atatembenuka, anali apongozi anga aamuna, Che Saidi, bambo awo a Amidu. Masiku atatu kuyang'ana amuna a eni, chikhalirecho chikombole chenicheni chili pakhomo.

Koma vuto mwaliona kale. Mpongozi sumuyandikira. Tikakumana panjira ndimapatuka n'kugwada patali, madzi osamba ndimasiya kubafa n'kuchokapo asanafike, zaka zinayi m'banja sindinawagwirepo ngakhale chanza. Ndiye lero ndiwazunguze tepi m'khosi n'kulowetsapo chala? Kupempha apongozi aakazi kunali kotheka, koma amayi aja, ngakhale ndi munthu wabwino kwambiri, chinsinsi m'kamwa mwawo chimakhala ngati madzi m'dengu. Likanafika dzuwa pamutu Mbenji yense atamva.

Ndiye nzeru inabwera, ndipo ndinadzitama nayo. Ndinati tepi imafuna kuyandikira, koma bango ndi lalitali. Ndikhoza kukhala patali mwaulemu, n'kutambasula bango, n'kulemba ndi khala pamene pathera phewa, kenako bangolo n'kukaliyeza ndi tepi kuseri. Osawakhudza, osawadzutsa, osaphwanya mwambo. Mwaona kuchenjera kwake?

Linali Lachisanu. Apongozi anabwera kuchokera kumzikiti, anadya, n'kuyala mkeka pansi pa mango paja monga amachitira masiku onse. Anagona chagada, atavala mkanjo wawo woyera, manja atasanjika pachifuwa, kofiya ataphimba nayo kumaso chifukwa cha ntchentche. Madala aja khutu limodzi silimva, ndipo tulo tawo ndi ta msodzi wakale, mukhoza kuwasuntha ndi mkeka womwe. Apongozi aakazi anali atapita kumjigo. Shakira anali atagona. Ndinasolola bango lowongoka bwino pa mpanda, ndinafunda chitenje kumutu, popeza pamaso pa apongozi supita mutu uli pamtunda, ndinayenda chokwawa, n'kugwada chapatali.

Anzanga, ine maliro ndawaonapo. Ndimadziwa bwinobwino kuti adzukulu akamapita kukakumba manda amayamba alowa m'nyumba ndi bango kukayeza mtembo. Ndimadziwa! Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali kolala ndi mabatani basi.

Ndinagoneka bango chopingasa pamwamba pa mapewa, n'kulemba. Ndinaligoneka motsata mkono, n'kulemba. Thukuta linkalowa m'maso chifukwa cha mantha, ndiye ndinkapukuta ndi nsonga ya chitenje, uku ndikufwenthera. Nditaligoneka m'litali mwa thupi, ndinamva chidebe chikutsitsidwa kumbuyo kwanga.

"Amake Shakira," anatero apongozi aakazi, "mukutani?"

"Amayi, chonde musachite phokoso," ndinanong'ona. "Zachitika kale, ndangotsala ndi utali."

"Utali wa chiyani?"

"Wa nsalu. Yoyera, ndaitanitsa kale ku Lilongwe. Koma a Amidu asamve kaye, ndikufuna adzangoona akafika."

Mfuu umene anakuwa amayi aja, ndikhulupirira unamveka mpaka ku Chitala. "Mayo ine! Che Saidi andisiya! Adya nsomba yanga masana omwe ano, andisiya osatsanzika!" Anadzigwetsa pansi, chidebe n'kugubuduka. Ine ndikuti amayi ayi, amayi dikirani, koma ndani akanandimva? Anthu anatulukira mbali zonse, ena akunena mawu a pamaliro oti innalilahi, ena manja kumutu. Mayi wina anandilanda bango n'kundikumbatira, akuti, "Limba mtima mwanawe, koma ntchito imeneyi si ya akazi." Wina anathamangira kwa shehe, wina anayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba, ndipo ndinaona ndi maso angawa bambo wina ali pafoni akufuula kuti, "Mbenji? Mundipezere Amidu!"

Mwini maliro ali phee.

Anadzuka pamene amayi anawagwera pachifuwa. Anachotsa kofiya kumaso pang'onopang'ono, anayang'ana khamu lija, n'kufunsa kuti, "Wamwalira ndani?"

Amayi awiri analumpha mpanda. Amene anandikumbatira aja anandikankhira kutsogolo ngati chishango. Bambo wa foni uja ndiye anayankha mwaulemu kuti, "Akuti ndinu, Che Saidi."

Ndinafotokoza zonse nditagwada, nkhope ili pansi: za khwapa, za Mariamu, za telala, ngakhale za mgolo. Ndinkadikira kuti andiuze ndilongedze ndizipita kwathu, chifukwa kuyeza munthu wamoyo ndi bango ena amati ukumuitanira imfa, ndipo m'khamumo ndinamva kale mawu oti "ufiti" akuyenda chapansipansi. Apongozi anapempha bango lija. Analitembenuza, anayang'ana mizere ya khala ija, analiika paphewa pawo, kenako thupi lawo lonse linayamba kugwedezeka. Ankaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Abale, bwererani kwanu, maliro aimitsidwa kaye, mwini wake sanakonzeke. Ndipo amene wanena za ufiti abweze mawu ake. Mfiti imagwada patali chonchi? Mfiti imafunda kumutu? Mwanayu wandiyeza ndi ulemu wonse." Atatero anatembenukira kwa akazi awo. "Inu amake Amidu, mwalira bwino, ndakondwa, ndadziwa kuti tsikulo simudzandichititsa manyazi. Tsopano pukutani m'maso mutenge tepiyo."

Anaimirira pakati pa bwalo, mikono atatambasula, amayi akuwayeza uku akusisima, ine ndili patali kutchula kuti tsopano khosi, tsopano chifuwa, chala chimodzi pansi pa tepi. Ndinatumiza nambala zija madzulo asanafike.

A Kamanga anayankha kuti, "Zikomo mayi, uyu ndi munthu, migolo tasiya. Koma ndi wamkulu. Mafupa a m'mapewa ndi aakulu, khosi laphwa, ndipo msana watalika chifukwa wayamba kuwerama. Munandiuza kuti muli ndi mwana wa zaka ziwiri. Amuna anu ndi amenewa, kapena ndi bambo awo?"

Apa ndiye ndinagonja. Ndinawauza zonse, ndi bango lomwe. Uthenga umene anabweza unalibe mawu, munali kuseka kokhakokha, makina ataima, wina kumbuyo akufunsa kuti abwana mwatani. Wachiwiri ndiye anati, "Mayi, mukanandiuza poyamba tikanapeza njira. Nditumizireni chithunzi cha malaya ong'ambika aja, pong'ambikapo penipeni. Chibowo sichinama, chimanena pamene thupi likufuna malo. Za mwini wake tiona mawa."

Mawa lake mwini wake anabwera yekha. Paja bambo wa foni uja anaiwala kuimbanso kuti maliro aja alephereka, ndipo pamene ena ankayesa, foni ya ku Mbenji inali itazima. M'mawa tikumwa tiyi tinangoona a Amidu akulowa pampanda, maso ofiira, miyendo ili ndi mchenga, anzawo awiri atawagwirira m'mikono. Anapeza malemu atakhala pakhonde akuviika mbatata mu tiyi.

"Wafika? Wachedwa, tinaika dzulo," anatero apongozi.

Sindinawaonepo amuna anga atakwiya ngati tsiku limenelo. Sanakalipe, anangokhala pa mtondo n'kumandiyang'ana, ndipo ine ndinkalakalaka akanakalipa. Anasiya ukonde m'madzi, analira njira yonse pamaso pa anzawo, zonsezi chifukwa cha malaya. Apongozi anawasiya apume, kenako anati, "Amidu, iwe unkafuna kuthawa ukwati wa mlongo wako chifukwa cha ulusi. Mkazi wako wautsa mudzi wonse, wandipha ine, kuti iwe ukaime pagulu ngati munthu. Wolakwa kwambiri ndani? Taimirira akuyeze, usanabwerere."

Anaimirira. Ndinaimbira a Kamanga, foni n'kuiika pa zenera kuti tonse tizimva, ndipo munthu uja anatiyendetsa ngati ali m'chipinda momwemo. "Bambo, musakweze chifuwa ngati msilikali, imani mmene mumaimira podikira tiyi. Mayi, tepi isapotoke kumsana. Tsopano bambo tambasulani mikono kutsogolo ngati mukukoka ukonde, mayi yezaninso msana ali choncho. Mwaona kusiyana kwake? Pamenepo ndi pamene malaya aja anafera. Mumapalasa kwambiri ndi dzanja liti? Lamanja? Ndiye mkono umenewo tiuyeze pawokha." A Amidu, amene anayamba atakwinya nkhope, anamaliza akufunsa okha kuti, "Akulu, nanga kolalayo ikhala yolimba?"

Patapita sabata ndi masiku angapo, kondakitala wa minibasi ananditsitsira phukusi padepoti. Munali malaya oyera, osokedwa mwaukhondo moti msoko sumaoneka, kumsana kuli timapindo tiwiri tobisika toti munthu akatambasula mikono timatseguka, akatsitsa timatsekeka. M'chiuno anadula molowa, mkono wamanja anaupatsa malo ochulukirapo pang'ono, koma ndi maso simungadziwe. Pansi pake panali malaya ena, abuluu, ndi kapepala kamene Esinati anandithandiza kuwerenga: "Awa ndi a malemu. Miyezo inalipo kale, inandimvetsa chisoni kuitaya. Ndasankha dala abuluu, oyera angayambitsenso zina."

Pa ukwati wa Mariamu a Amidu anaimirira pamaso pa anthu a ku Chitala, anayankhula bwino mosathamanga, malaya atawagwira ngati anabadwa nawo. Itafika nthawi ya perekaniperekani, anapita pakati, anakweza mkono umodzi. Zii. Anakweza wachiwiri. Zii. Kenako anayamba kuvina mikono yonse ili m'mwamba, kuzungulira bwalo lonse osaitsitsa, ngati munthu amene apolisi amuuza kuti aimike manja, Mariamu akuseka uku akulira. Ndinaganiza za a Kamanga, munthu amene mpaka lero sindikudziwa ngati ndi wamtali kapena wamfupi, koma amadziwa msana wa amuna anga kuposa ine amene ndimaukumbatira.

Apongozi nawo anavala abuluu aja, ndipo aliyense wowayamikira ankamuuza kuti, "M'Salima muno ndine ndekha amene anayezedwa manda n'kulandira malaya." Bango lija anakana kulitaya. Analisomeka kudenga la pakhonde, ndipo mlendo aliyense akafunsa amati, "Limenelo ndi la mpongozi wanga Nabango. Anandiyezeratu, adzukulu asadzavutike."

Ndiye ine ndinalumbira, walahi, ndipo inu mukhale mboni: telala sindidzamunamizanso, ndipo munthu wogona chagada sindidzamuyezanso. Ndikafuna muyezo wa munthu, ayambe waimirira, atsegule maso, andiuze dzina lake kawiri.